Timiyala ta M'khutu

Dzuwa linali litalowa pamene mkazi wa kalipentala anatuluka kukaanula zovala. Chingwe choyanikapo chinamangidwa ndi mwamuna wake, ndipo anachimanga molingana ndi msinkhu wake iyeyo, moti mayiyo ankachita kuimirira ndi zala za kumapazi, mutu chagada, kuti afikire malaya. Zaka zonse za ukwati wawo ankamuuza kuti achitsitse. Zaka zonsezo bamboyo ankati mawa.

Kalipentalayo anali pakhonde akunola sowo. Pabwalo pankanunkha utuchi ndi utsi wa kwa aneba. Malata a nyumba yawo, atawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, anayamba kuzizira, akulira tha, tha, monga mwa masiku onse. Bamboyo anawerama kuti atole tupa amene anamugwetsa. Podzuka anakumbatira mzati ndi manja onse awiri, sowo n'kugwera pasimenti.

"Amayi, kodi nyumbayi ikuyenda?"

"Ikupita kuti? Mwadzera kuti pobwera inu?"

"Sindinalawe kanthu ine. Taonani mtengo uwo. Ukuzungulira."

Mayiyo anayang'ana mtengowo, unali chiimire. Atayang'ana mwamuna wake anaona chinthu chimene anali asanachionepo. Maso a bamboyo ankanjenjemera okha, akuthamangira mbali imodzi n'kubwerera, ngati m'katimo muli wina amene akuwakoka ndi ulusi. Asanaitane munthu, zinatha. Bamboyo anapukuta thukuta, nati mwina ndi njala. Anadya, n'kukagona.

Mudziwo unali utangopulumuka kumene ku tsoka lina. Lole yochokera kumsika, itadzaza anthu ndi matumba, inapendekera m'ngalande pafupi ndi mlatho. Palibe anafa. Anthu anagundana mitu, ena anamenyetsa m'zitsulo, natuluka ndi zotupa ngati mazira, akuseka kuti mazira enieni ndiwo aphwanyika. Kalipentala ndi mkazi wake analimo. Analimonso mayi wina wosoka zovala, ndi mkazi wa mng'ono wake wa kalipentala, mng'ono uja amene ankagwira ntchito pachigayo. Zotupa zitaphwa, nkhani ya lole inaiwalika. Chimene anthu sanaiwale n'chakuti munthu mmodzi anakana kukwera tsikulo. Anayang'ana matayala, nati yadzaza, n'kuuyamba wapansi.

Munthuyo anali mkulu wake wa mkazi wa kalipentala. Anthu ankangowatcha a Chapa, chifukwa anakalambira m'tauni akuchapa nsalu za pachipatala chachikulu. Anabwerera kumudzi opanda mwamuna, opanda mwana, manja ali ming'alu yokhayokha, ndipo zovala zawo sizinasiye kununkha mankhwala ochapira aja. Kanyumba kawo kanali kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo. Anthu amaiwala msanga, koma ndi a Chapa amene anabereka mng'ono wawoyo kumsana mayi awo atamwalira. Ndi iwo anasiya sukulu. Ndi iwo anagona pansi m'chipatala pamene mng'ono wawoyo anatsala pang'ono kufa pobereka mwana wake wamkazi. Zonsezi sizinabwezedwe, ndipo a Chapa sanazitchulepo.

Chizungulire cha kalipentala sichinachoke. Chinkabwera akatembenuka pabedi, akadzuka m'mawa, akayang'ana kumwamba. Chinkamugwira kanthawi kochepa n'kumusiya ali ndi nseru, thukuta lili kamukamu. Sanauze munthu wakunja, pakuti palibe amene angapatse denga munthu wachizungulire. Koma a Chapa anamuona m'mawa wina atagwira khoma la bafa, maso akuvina.

"Alamu, musakwere denga lero. Bwerani ndikuoneni mutuwo."

"Mutu wanga si bulangete, alamu. Kachapeni zina."

"Ndikunena zoona ine. Mugwa."

Bamboyo anaseka, nanyamula makwerero. Mng'ono wake uja, wa pachigayo, anali pomwepo, atabwera kudzabwereka hamala, ndipo anasekanso.

Anagwa tsiku lomwelo, padenga la golosale yatsopano. Amene anaona amati anali ataimirira bwinobwino, misomali ili kukamwa, ndipo anangotukula mutu kuyang'ana lata lakumtunda. Kenaka anatambasula manja ngati munthu amene akufuna kukumbatira mnzake, misomali n'kuyoyoka. Anakuwa kuti, "Gwirani dengali!" Denga silinali kupita kulikonse. Iye ndiye anapita. Panalibe mphepo tsikulo, ngakhale yogwedeza tsamba.

Mkazi wake analira monga akazi amalirira, koma m'kati sankamva kanthu, ngati mwendo umene waugonera. Maliro atatha, wa pachigayo anabwera kudzatenga bokosi la zipangizo za mkulu wake. Anapeza a Chapa atalikhalira, miyendo atatambasula.

"Mai, dzukani ndinyamule."

"Ndatopa, bambo. Ndikhala kaye."

"Ndi za achimwene anga izo."

"Achimwene anuwo asiya mkazi. Hamala ija munabwereka yabwera?"

Wa pachigayo anabwerera chimanjamanja. Kuyambira tsikulo sanawapatsenso moni.

Wachiwiri anali mayi wosoka zovala. Iyeyo sanabise. Ankauza aliyense wobwera ndi nsalu kuti bedi lake layamba kumuponya, kuti akatembenukira kukhoma nyumba yonse imagubuduka ngati mbiya. Anzake ankamuseka kuti akwatiwenso, bedilo lilemere. M'mawa wina anapita kuchitsime yekha. Akazi amene anabwera pambuyo pake anapeza chidebe chili pakamwa pa chitsime, chingwe chili theka m'kati, ndi silipasi imodzi itayang'ana kumadzi. Pansi panalibe matope oti munthu angaterere. Anamuvuula dzuwa litakwera.

Apa m'pamene mudzi unayamba kulankhula chapansipansi. Ankati alipo amene akumalowa m'nyumba anthu ali m'tulo, n'kuwazula mitu, n'kupita nayo kubwalo kukasewera ngati mpira. Kukamacha amaibweza, koma mutu umene wagubuduzika usiku wonse sungangoima nthawi yomweyo, umapitiriza kuzungulira uli pakhosi. Amene ankanena izi sankakweza mawu, ndipo amene ankamva sankatsutsa. Anthu anayamba kugona atamanga mipango mwamphamvu kudutsa kuchibwano. Ena ankagona dzanja lili pakhosi. M'mawa mwamuna ankayang'ana khosi la mkazi wake ngati pali mzere, mkazi n'kuyang'ananso la mwamuna, osalankhulana.

Malata aja amene akhala akulira madzulo chimangireni nyumba, tsopano anayamba kumveka mwina. Tha. Tha. Anthu ankasiya kutafuna.

"Wamva?"

"Ndi malata."

"Malata amalira kawiri pamalo amodzi?"

"Tadyani. Musatchule."

Ena ankati akatsekula chitseko m'mawa akumamva fungo lachilendo pakhomo, fungo lakuthwa, lolowa m'mphuno, ngati la m'chipatala. Sankatchula mwini fungolo. Ankangoyang'anana.

Wachitatu anali mkazi wake wa bambo wa pachigayo uja. Iyeyo mantha anamutuma kuchipatala. Dokotala anamugoneka pabedi, namutembenuza mutu, naona maso ake akuvina, n'kumuuza kuti asaope. Anati m'kati mwenimweni mwa khutu, kuseri kwa pamene chala chimafika, munthu aliyense ali ndi timiyala ting'onoting'ono, tochepa kuposa mchenga, toyera ngati choko. Timiyalato timakhala pamalo pake, titamatirira, ndipo kulemera kwake ndiko kumauza thupi kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba, ngakhale munthu atatsinzina. Munthu akamenyetsa mutu, kapena akamakalamba, tina timatha kusomphoka n'kulowa m'timipaipi topindika momwe muli madzi. Mutu ukatembenuka timiyalato timagubuduka, madzi aja n'kuyenda, thupi n'kumva ngati dziko likuzungulira pamene lili chiimire. Anati si matenda akupha, koma asakwere pamwamba, asawerame pachitsime, ndipo abwerenso tsiku limene kumabwera munthu wodziwa kutibwezera m'malo mwake.

Mayiyo anamva zonse. Koma pofika pachigayo, pamene akazi anali pamzere ndi matumba awo, injini ili zii chifukwa cha magetsi, nkhaniyo inali itafupika.

"Akuti chiyani achipatala?"

"Akuti muli miyala m'khutumu."

Mwamuna wake anatuluka, nsidze zili mbuu ndi ufa.

"Miyala? Waika ndani?"

"Akuti tinabadwa nayo."

"Iwe unabadwa ndi miyala m'mutu? Amayi ako akanayenda nawe bwanji?"

Palibe anaseka. Mayi wina wachikulire anati chapansipansi, "Ndiye ndi imene ija ikumagwa padenga." Wina anati mutu ukamagubuduzika pabwalo ulephera bwanji kutola miyala. Wa pachigayo analetsa mkazi wake kubwerera kuchipatala. Anati mutu wa mkazi wake waseweretsedwa mokwanira, asaugwirenso munthu wina aliyense. Kenaka, akukung'untha ufa m'manja, anafunsa ngati akudzifunsa yekha kuti kodi ndani uja anakana kukwera lole, ndipo ndani uja anauza mkulu wake m'mawa kuti agwa, iye n'kugwadi.

Kuyambira apo njira yodutsa pa kanyumba ka a Chapa inayamba kumera udzu. Akapita kuchitsime, akazi ankapatuka n'kuwasiya atunge okha. Iwo ankatunga, n'kusenza, n'kubwerera, nkhope ili chimodzimodzi. Mng'ono wawo ankamva zonse zonenedwa. Sanatsutse, sanavomere. Ankangosesa pabwalo, kuphika, kudya theka, kugona.

Kenaka chinamupeza iyenso. Anadzuka m'mawa wina, natembenukira mbali imene mwamuna wake ankagona, ndipo denga linatsika n'kudutsa pansi pa bedi. Khoma linabwera, zenera linapita, kenaka linabweranso. Anagwira matiresi ndi zikhadabo, akumva kuti akugwa koma osafika pansi. Zitaima anasanza pambali pa bedi. Anayesa kudzuka, zinayambanso. Anaphunzira msanga kuti akagona phee, mutu osausuntha, dziko limaima. Ndiye anagona phee. Ankayang'ana mtanda umodzi wa kudenga, umene mwamuna wake anaukhoma mopendama pang'ono, kuyambira m'mawa mpaka kuda. Sankaopa kwenikweni. Ankangodikira kuti nayenso chimutenge.

Mwana wake wamkazi anabwera kuchokera kubanja kwake kudzamusamala. Ankamumwetsa madzi ndi sipuni, koma ankapewa kukhudza mutu wa mayi ake, ngakhale kuwakonzera pilo. Dzuwa likamapendeka ankanyamuka, akuti bambo a kunyumba salola kuti agone kuno. Potuluka ankadutsa mayi ake aakulu aja, a Chapa, amene anamusambitsa tsiku lobadwa, ngati akudutsa chitsa.

Tsiku lina mwanayo atangopita, a Chapa analowa. Anapukuta pansi, natsuka beseni, nakhala m'mphepete mwa bedi. Fungo lija la mankhwala ochapira linadzaza m'chipinda.

"Iwe, ukundiopa?"

"Sindikudziwa, asisi."

"Chabwino. Chimabwera ukatembenukira kuti?"

"Kwa bambo ake."

"Kumanja. Tamvera. Ine chinandigwirapo ichi m'tauni. Ndinagwa pakati pa mabulangete, anzanga n'kumati ndaledzera. Dokotala wina anandigoneka, anandigwira mutu, anautembenuza uku ndi uku, tsiku lomwelo ndinabwerera pa ntchito. Pambuyo pake ndikamasintha nsalu m'chipinda chake ndinkaona akuchita kwa ena. Timiyalato ndi tako tomwe. Tasochera basi. Timafunika kutiperekeza tibwerere kwawo."

"Bwanji simunauze anthu?"

"Ndiuze ndani? Mwamuna wako ndinamuuza. Waona zimene zatuluka."

Mayiyo anayang'ananso mtanda uja.

"Chidzakuzungulira kwambiri kuposa kale," anatero a Chapa. "Usadzuke, usandimenye. Ukalimba, mawa usesa pabwalo."

"Chitani, asisi."

A Chapa anatseka chitseko n'kukhoma. Ankadziwa m'mene zionekere kwa munthu wodutsa. Koma zenera la chipindacho linali ndi thabwa limodzi lochoka, limene kalipentala ankati akhoma mawa.

Anamukhazika mng'ono wawo pabedi, miyendo chotambasula, msana utaloza kumapeto kwa bedi. Anaima kumbuyo kwake, namugwira mutu ndi manja awiri, zikhatho pamakutu, nautembenuzira kumanja pang'ono. Kenaka anamugwetsa chagada mwachangu, mutu n'kulendewera kunja kwa bedi, uli m'manja mwawo. Dziko linaphulika. Mayiyo anakuwa, miyendo ikupalasa, maso akuthamanga okha. A Chapa sanasiye. Anawerama, nkhope yawo pafupi ndi ya mng'ono wawo, akuyang'anitsitsa masowo kuti aone pamene aime, akunong'ona mawu amene ankamunong'oneza ali khanda kumsana: "Basi, basi, ndili pano, basi."

Nthawi imeneyo n'kuti wa pachigayo akuzungulira kuseri kwa nyumba. Anamva kuti mlamu wake ali gone, ndipo anaganiza kuti bokosi lija likhoza kunyamulika popanda wolikhalira. Atamva kukuwa, anaika diso pa thabwa lochoka lija. M'chipindamo munali mdima wa chisisira. Anaona mlamu wake ali chagada, khosi litapindika kunja kwa bedi, maso akuvina. Anaona a Chapa atagwira mutuwo ngati dzungu, akuunong'oneza. Akuyang'ana choncho, a Chapa anaupotoza mutuwo pang'onopang'ono kuchoka kumanja kupita kumanzere. Bamboyo sanakuwe pomwepo. Anabwerera cham'mbuyo, ndipo anakayamba kukuwa atafika pamsewu.

M'katimo a Chapa anamva kukuwako. Anamvanso zitseko zikutsekuka, mapazi akuthamanga. Sanausiye mutuwo.

"Asisi, kukubwera anthu."

"Ndamva. Tisasiyire panjira, tingasochere kwina. Gona cham'mbali tsopano, mphuno iloze pansi. Eya. Dikira."

Anthu anafika pabwalo. Wina anamenya chitseko ndi chibakera, wina ndi mpini. A Chapa anadikira mpaka maso a mng'ono wawo ataima, ndipo anamudzutsa pang'onopang'ono, namukhazika m'mphepete mwa bedi, chibwano chili pachifuwa. Atatero anapukuta manja m'chovala chawo, n'kukatsekula chitseko okha.

Anthu anawakokera panja. Pabwalo panali anthu ambiri, koma phokoso linali lochepa. Ankapuma mokweza, ena atagwira makosi awo. Wa pachigayo ankanena zimene anaona, akubwereza, manja ake akupotoza mutu wosaoneka m'malere.

"Ndinkamuchiza," anatero a Chapa. "Mufunseni."

Onse anatembenukira kukhomo. Mkazi wa kalipentala anali ataima pamenepo, osagwira khoma. Anali atadzuka pabedi, nayenda chipinda chonse, nadutsa pabalaza, ndipo pansi panali pansi. Anatukula mutu kuyang'ana denga la khonde. Linali chiimire. Anatembenukira kumanja. Mtengo uja unali chiimire. M'mutu mwake munali bata lalikulu, lozizira, ngati nyumba imene atulutsamo katundu yense.

"Alamu," anatero wa pachigayo, "chizungulire chija chili kuti?"

"Chatha."

"Chatha liti?"

"Pompano."

Bamboyo anatembenukira kwa anthu. "Mwamva nokha. Achipatala enieniwo anati tidikire katswiri. Awa angogwira, miyala yachoka. Akudziwa bwanji pamene ili, ngati sanaike okha?"

A Chapa sanayang'ane khamulo. Anayang'ana mng'ono wawo. Mayiyo ankadziwa zoti anene. Mawu onse anali pakamwa: za m'tauni, za dokotala uja, za lole imene inawagunditsa mitu onse odwalawo. Koma anaona maso a anthuwo, naona kuti akatsekula pakamwa, masowo achoka pa mkulu wake n'kubwera pa iye, ndi pa mwana wake, ndi pa adzukulu ake. Anayang'ana pansi. Pansipo panali pokhazikika bwino, ndipo anapitiriza kupayang'ana.

Mwala woyamba unagwa pa malata a kanyumba ka a Chapa. Tha. Wachiwiri unaswa ndowa. Sizikudziwika amene anaponya wachitatu, ndipo mpaka lero palibe anavomera, koma unawapeza a Chapa kuseri kwa khutu. Anagwada. Magazi anatsikira m'khosi, n'kulowa m'bulauzi yawo yoyera. Anthu anabwerera m'mbuyo, pakuti palibe amene ankafuna kuti magaziwo amukhudze.

Anadzuka okha. Sanalowe m'nyumba kukatenga kanthu. Anayamba kuyenda kuloza kumsewu, ndipo atangoponya mapazi pang'ono anapendama, natambasula manja ngati munthu wofuna kukumbatira mnzake, nagwira mpanda. Anaima. Anayendanso, nagwira mtengo. Ankayenda choncho, kuchoka pa chogwira china kupita pa china, mutu atauumitsa, mpaka mdima unawameza cha kumlatho.

"Taonani," anatero wina. "Zabwerera kwa mwini wake."

M'mawa mwake mkazi wa kalipentala anasesa pabwalo, monga anauzidwira. Anasesa ndi miyala yomwe, naiunjika pansi pa mtengo. Bokosi la zipangizo linanyamulidwa tsiku lomwelo, ndipo iye anagwirizira chitseko kuti lidutse bwino. Za a Chapa kunabwera mbiri zosiyanasiyana. Ena ankati anawaona padepoti ya basi atakhala pansi, atatsamira khoma. Ena ankati kumunsi kwa mtsinje kunapezeka mayi wosadziwika amene anaikidwa ndi boma. Mng'ono wawo sanapite kukafunsa kulikonse. Kanyumba kaja anakatseka ndi waya, ndipo fungo lija linakhalamo mpaka mvula itagwa.

Mudzi unapuma. Anthu anamasula mipango. Malata ankalirabe madzulo, koma tsopano anali malata.

Mkazi wa pachigayo yekha ndiye sanachire. Anaonda, ankayenda ngati wasenza madzi odzaza, ndipo kuchitsime ankachita kutumiza ena. Mwamuna wake ankati n'zotsalira chabe, zitha zokha. Madzulo ena, mkazi wa kalipentala akutuluka ndi dengu kukaanula zovala, anamupeza mayiyo ataima kuseri kwa nyumba, atagwira khoma, pafupi ndi zenera la thabwa lochoka lija.

"Mwabwera nokha?"

"Bambo sakudziwa. Ali kuchigayo." Anasendera pafupi. "Inu munachira."

"Eya."

"Munaona m'mene anachitira. Ndigwireni mutu, chonde. Sindiuza munthu."

Mkazi wa kalipentala ankakumbukira zonse. Kumanja kaye, kugwa chagada, kudikira maso aime, kumanzere, cham'mbali mphuno pansi, kudzuka pang'onopang'ono. Ankamvabe zikhatho zokhakhala zija pamakutu ake. Anaika dengu pansi. Manja ake ananyamuka okha mpaka anafika m'mapewa mwa mnzakeyo.

Padenga panalira. Tha. Kunjira kunadutsa munthu akukankha njinga, ndipo anachepetsa liwiro, akuyang'ana.

Manja aja anatsika, nakonza kolala ya bulauzi ya mnzakeyo, ngati ndicho chimene ananyamukira.

"Sindinaone kanthu ine. Maso anga anali akuvina."

"Ngakhale pang'ono pokha?"

"Pitani kusanade. Muziyenda m'mbali mwa mpanda."

Mnzakeyo anatembenuka thupi lonse pamodzi ndi mutu, nayamba kubwerera, dzanja lili pakhoma, kenaka pampanda, kenaka pamtengo. Mkazi wa kalipentala anamuyang'ana mpaka anakhota. Sanamve chisoni, sanamve manyazi. Anatola dengu lake.

Chingwe chinali pomwe chija, chachitali molingana ndi munthu amene kulibe. Anaimirira ndi zala za kumapazi, nagadamitsa mutu kuti afikire nsalu ya pabedi. Chingwecho chinapendama. Mtengo unanyamuka, nudutsa pamwamba pake, denga likuutsatira. Anagwira nsaluyo, nsaluyo n'kubwera naye pansi.

Anagona chagada pafumbi, nsalu ili pachifuwa, akudikira kuti ziime. Zitaima sanadzuke. Ankadziwa mbali yake, ankadziwa ndi njira yonse yobwezera, koma mutu wa munthu sulendewera wokha, umafuna manja a wina. Anaganiza za mwana wake, amene ankaopa ngakhale kumukonzera pilo. Anaganiza za nyumba zonse za m'mudzimo, khomo ndi khomo, mpaka anafika pa kanyumba kotseka ndi waya kuseri kwake.

Kwa aneba wina anaona, naitana mnzake chapansipansi.

"Tabwera udzaone. Chamugwiranso."

"Ndiye kuti akulu ake aja sanafe?"

"Kaya. Mwina akuchitira komwe aliko."

"Tsekani chitseko. Mipango ija munaiika kuti?"

Palibe anabwera. Kunja kunapitiriza kuda. Mayiyo anagona pomwepo, mutu phee, maso ali kuchingwe, kumene malaya otsala ankalendewera osagwedezeka.